Liwombo la Yakobo

Esitere ankakhala ku Makanjira. Anali ndi mlongo wake wakhanda. Dzina lake linali Yakobo.

Esitere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Yakobo asekenso.

Kale Yakobo ankakonda kuseka. Ankaseka akaona nkhuku. Ankaseka akakoka tsitsi la Esitere. Koma tsopano sankaseka. Yakobo ankatsegula m'mimba.

Anatsegula m'mawa. Anatsegula masana. Kutacha anatsegulanso.

Maso ake analowa m'kati. Milomo yake inauma. Ankalira, koma misozi sinkatuluka.

Esitere anasisita mutu wa Yakobo. Pamutu pa khanda pali malo ofewa. Malowo ndi liwombo. Liwombo la Yakobo linali litalowa m'kati.

"Amayi, taonani apa," anatero Esitere.

Amayi anaona. "Mayo ine! Liwombo lalowa."

Amayi anasinja mizu. Anasakaniza ndi phulusa ndi mafuta. Anamata pamutu pa Yakobo. Amayi awo ankachita chomwecho. Agogo awonso ankachita chomwecho.

"Tipite naye kuchipatala, Amayi."

"Liwombo si matenda a kuchipatala, mwanangu."

"Ndiye muyamwitseni."

"Ayi. Akayamwa akutsegula. Akamwa madzi akutsegula. M'mimba mupume kaye."

Amayi ankamukonda Yakobo. Anamufukata. Anamuimbira nyimbo ya kutchalitchi. 

Esitere anakumbukira Mercy. Mercy anali mng'ono wake. Chaka chatha Mercy nayenso anatsegula m'mimba. Liwombo lake linalowa. Amayi anamata mankhwala omwewo.

Mercy sanachire. Anamuika m'kabokosi kakang'ono. Amayi a kutchalitchi anaimba mpaka kumanda.

Esitere anachita mantha.

M'nyumbamo munali foni. Abambo anaitumiza kuchokera ku Joni. Kumeneko n'kumene ankagwira ntchito. Amayi ankaikulunga m'chitenje. Ankaitsekera m'sutikesi. Ankaitulutsa Lamulungu lokha, polankhula ndi abambo.

"Foni si ya ana," ankatero amayi. "Intaneti imawononga ana."

Koma kusukulu aphunzitsi anaonetsa ana chinthu china. Anajambula duwa ndi foni yawo. Anatumiza chithunzicho pa intaneti. Mnzawo wa ku Zomba analiona duwalo nthawi yomweyo.

"Mwaona?" anatero aphunzitsi. "Munthu wakutali angathe kuona zomwe inu mukuona."

Esitere anaganiza za azakhali ake a Benedicta. Iwo anali namwino ku boma ku Mangochi. Ku boma kunali kutali. Kutali kwambiri.

"Amayi, ndibwerekeni foni. Azakhali amuone Yakobo."

"Foni si ya ana," anatero amayi.

Esitere anapita kuseri kwa nyumba. Kunja kunkagwa mvula. Anagwada m'matope.

"Mulungu," anatero, "Mercy ali kale kwa Inu. Chonde, Yakobo tisiyireni."

Analowanso m'nyumba. Anagwada pafupi ndi amayi.

"Amayi, Mercy tinamumata mankhwala omwewa."

Amayi anayang'ana Yakobo. Anayang'ana Esitere. Kenako anamasula kiyi pansonga ya chitenje chawo.

Esitere anajambula mutu wa Yakobo. Anajambula maso ake. Anajambula milomo yake. Anaika foni m'jumbo kuti isanyowe.

Panyumba netiweki sinkagwira. Inkagwira pachulu chokha, kuseri kwa tchalitchi.

Esitere anathamanga. Anaterereka. Anadzuka. Anathamanganso.

Anakwera pachulu. Anatumiza zithunzi. Anajambulanso mawu ake. "Azakhali, ndine Esitere. Yakobo wadwala ngati Mercy."

Anadikira. Mvula inkagwa. Foni inali zii.

Anadikirabe. Anakweza foni m'mwamba. Dzanja linatopa.

Kenako foni inalira. Tii!

Azakhali anali atatumiza mawu kawiri. "Esitere, wachita bwino. Mawu achiwiriwa ndi a amayi ako. Thamanga nawo!"

Esitere anathamanga. Mawu a azakhali anali m'jumbo.

Atafika anadina foni. Mawu anamveka m'nyumba monse.

"Alamu, ndine Benedicta. Ndamuona mwana. Liwombo silikudwala. Madzi atha m'thupi mwake. N'chifukwa chake lalowa. Muyamwitseni pompano. Sungunulani Thanzi, mankhwala obwezera madzi m'thupi aja, m'madzi owiritsa, atazizira. Mumwetseni pang'onopang'ono ndi sipuni. Ndipo pitani kuchipatala lero lomwe. Musadikire mawa, alamu. Chonde!"

"Bwereza," anatero amayi.

Esitere anabwereza.

Amayi anagwira pakamwa. "Ndiye Mercy wanga anafa ndi ludzu?"

Misozi inatsika. Esitere anawakumbatira.

"Simunadziwe, Amayi. Tonse sitinadziwe."

Amayi anapukuta maso. Anaika Yakobo kubere. Yakobo sanayamwe. Anayesanso. Yakobo anayamwa pang'ono. Pang'ono chabe.

Esitere anathamangira kwa a Swadick. A Swadick ankakhala moyandikana nawo. Anali ndi okala ndi njinga yamoto.

"Odi! Odi! A Swadick, tithandizeni!"

A Swadick anamva nkhani yonse. Anatenga paketi ya Thanzi. Anatulutsa njinga.

Amayi anasungunula Thanzi. Anamwetsa Yakobo sipuni imodzi. Kenako ina. Kenako ina. Zotsala anathira m'botolo.

"Kwerani, mayi a Esitere," anatero a Swadick. "Msewu waipa. Koma tifika, Inshallah."

"Mulungu atitsogolere," anatero amayi.

Amayi anabereka Yakobo kutsogolo. Esitere anagwira botolo. Njinga inayenda m'matope. Inatitimira. A Swadick anaikankha. Inayendanso.

Anafika pachipatala. Namwino wa pamenepo anaona Yakobo.

"Mwafika bwino," anatero. "Mawa kukanakhala kuchedwa."

Anamuika dripi. Madzi ankadontha. Dontho. Dontho. Dontho.

Yakobo anagona. Sankagwedezeka. Amayi anagwira kadzanja kake. Esitere anagwira kaphazi kake. Onse anapemphera chamumtima.

Dontho. Dontho. Dontho.

Patapita nthawi, Yakobo anatsegula maso. Analira mokweza.

"Amayi, taonani!" anakuwa Esitere. "Misozi! Akutulutsa misozi!"

Amayi anaseka uku akulira. "Zikomo, Ambuye. Zikomo."

Esitere anasisita mutu wa Yakobo. Liwombo linali likubwerera. Panalibe mizu. Panalibe phulusa.

Yakobo anachira. Anabwerera kunyumba.

Lamulungu linafika. Atatuluka m'tchalitchi, onse anakwera pachulu. Amayi anamasula chitenje cha foni. Anaipereka kwa Esitere.

"Suja mumati foni si ya ana?" anatero Esitere.

"Khala chete, iwe," anatero amayi akumwetulira. "Uziigwira ine ndili pomwepo. Tandionetsa podina. Mayi wina akadzati liwombo lalowa, ndidzamumvetsa mawu a azakhali ako."

Esitere anawaonetsa. Amayi anadina okha. Kenako anaimbira abambo.

Nkhope ya abambo inaoneka pafoni.

"Ali kuti mnyamata wanga?" anafunsa abambo.

Esitere ananyamula Yakobo. Anamuyandikiza kufoni. Yakobo sanayang'ane foni. Anayang'ana mutu wa Esitere. Anagwira tsitsi. Anakoka.

"Mayo!" anakuwa Esitere.

Yakobo anaseka.

Anaseka pachulu. Abambo anamumva ku Joni.