Chitini Chopindika

Felesta anakumana ndi Bestone pa siteji ya basi ku Jenda, tsiku limene basi ya ku Kasungu inachedwa. Mtsikanayo anali atangosiya sukulu ku Fomu 2, ndipo ankagulitsa buledi wophika yekha mu uvuni wanjerwa kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Bestone anali mphunzitsi watsopano wochokera ku Ntcheu.

"Manja amene akanda ufa uwu ali ndi mwini?" anafunsa ataluma kamodzi.

"Mumayankhula chomene, aphunzitsi," Felesta anayankha, maso ali pansi.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse Bestone ankabwera pa njinga. Buledi wake Felesta ankamuphikira payekha, m'chitini chakale chopindika pangodya, chimene chinkasiya kadzenje pa buledi. Ankathiramo mkaka ndi dzira, zomwe ogula ena sankazilawa.

"Njiwa yanga," Bestone ankatero, "buledi uyu ndimadyera m'chipinda, chitseko chotseka. Ngakhale nyenyeswa sindipatsa munthu. Fodya akangogulitsidwa, ankhoswe anga afika."

Ndani sakanakhulupirira? Felesta ankakanda ufa akuyimba, akudziona kale atavala zoyera.

Loweruka lina anakasiya masikono kwa Angelina, nesi wa ku Zomba amene ankachita lendi pafupi ndi chipatala. Angelina anamulowetsa.

"Khala umwe tiyi, mng'ono wanga. Ulaweko buledi weniweni, uphunzire."

Anavundukula kansalu. Pa mbale panali buledi wodulidwa theka, kadzenje kali pangodya.

Felesta anakazindikira kadzenjeko. Anayang'ana zala zosalala za Angelina, zosapsapo ndi makala, zikupaka majarini pa buledi amene iye anadzukira tambala woyamba. Dzira la nkhuku ya mayi ake, m'kamwa mwa mkazi uyu?

"Mwagula kuti, anesi?"

"Kugula? Chibwenzi changa, aphunzitsi aja, amachita kunditumizitsira ku bekale ya ku Kasungu. Amati za kuno n'zakumudzi, sizindiyenera."

Felesta anatafuna chidutswa chimene anapatsidwa. Chinali chokoma, ndipo n'chimene chinamupweteka koposa.

"Yewo," anatero, nanyamuka.

Sabata yonse sanalire pamaso pa munthu. Ufa ndiwo unaziona: ankaumenya mpaka mayi ake anafunsa ngati walakwa kanthu.

Lachisanu Bestone anafika pa siteji, belu la njinga likulira.

"Njiwa yanga, wanga uja uli kuti? Sabata yonse ndakhala ndikumva fungo lake."

Felesta anapukuta manja pa chitenje.

"Ndakupeputsirani ulendo, aphunzitsi. Ndakapereka ndekha kwa anesi, akadali wotentha, ali m'chitini mwake momwe."

Kumwetulira kwa Bestone kunazima.

"Anatembenuza chitini, naona pangodya," Felesta anapitiriza. "Mbwenu anandifunsa kuti bekale ya ku Kasungu ili pati. Ndinawatengera kwathu, n'kuwaonetsa uvuni. Akukudikirani kunyumba kwawo."

Felesta anasenza dengu lake la buledi. Basi inali ikulowa pa siteji.