Khodi ya Eni Ake

Anakumana pa siteji ya minibasi pa Nsaru, tsiku la msika, fumbi lili koboo. Tisiyenji, mphunzitsi wa ku Kabudula, ankalimbana ndi thumba la mtedza lomwe kondakitala ankakana kukweza. Mnyamata wina wa shati yoyera anangolinyamula n'kulikhazika pamiyendo pake.

"Ndine Duncan, ndimagwira ku kampani ya mbewu m'tauni," anatero akumwetulira. "Shatiyi yada chifukwa cha iwe. Malipiro ake ndi nambala yako ya foni."

Tisiyenji anaseka n'kupereka. Mwana wa eni, akanadziwa!

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula ya mu Januwale. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" "Tisi, ndikapanda kumva mawu ako chakudya sichitsika." Ndipo tsiku lina kunabwera uthenga womwe anauwerenga mpaka kuuloweza: "Tikangokolola, amalume anga afika kwanu. Iwe ndiwe mayi wa ana anga."

Ndani sakanakhulupirira? Tisiyenji anauza amayi ake, anauza amalume ake, ngakhale anzake a kwaya ku tchalitchi anayamba kumutchula mkwatibwi.

"Loweruka tikasankhe mphete ku Lilongwe," Duncan anatero pa foni. "Tikapumule ku hotela yapamwamba, wapamtima."

"Hotela? Si zodula zimenezo?"

"Ife a pakampani tili ndi khodi yathu. Ukangoilemba posungitsa chipinda, mtengo umatsika."

Mtima wa Tisiyenji unkamukaniza, koma chikondi n'chogontha. Anauza amayi ake kuti akupita ku msonkhano wa aphunzitsi.

Atafika ku hotelako, mayi wolandira alendo anayang'ana pa kompyuta, kenako n'kukweza maso.

"Bambo, mwasungitsa ndi khodi ya kampani. Tione nawo chiphaso chanu cha kuntchito."

"Ndachiiwala ku ofesi," Duncan anayankha mwachangu. "Komatu ndagona pano kambirimbiri osafunsidwa zimenezi!"

Kambirimbiri? Ndi yani? Funsolo linamulasa Tisiyenji, koma analimeza.

"Zinasintha, bambo. Anthu anachuluka obwerekana makhodi. Masiku ano timaimbira foni pa nambala imene inalembetsedwa ndi khodiyo."

"Ayi, musavutike! Ndilipira mtengo wonse."

Apa mpamene Tisiyenji anapsa mtima. Munthu wake amuyese wakuba pamaso pa anthu?

"Imbani, mayi," anatero molimba. "Imbani mudziwe kuti ife sitinama."

"Tisi, zisiye..."

"Ukuopa chiyani, dalingi? Foni yako ilira pompano, achite manyazi."

Mayi uja anaimba. Foni ya Duncan inangoti zii m'thumba. M'malo mwake anayankha mzimayi, ndipo mawu ake ankamveka bwinobwino pa tebulo lolandirira alendo.

"Inde, ndine Benedeta, khodiyo ndi yanga. A Duncan? Ndi amuna anga amenewo. Sagwira ntchito ku kampani kwathu, koma aloleni, kampani imalola banja." Kenako mawu ake anasintha. "Dikirani. Iwo anati apita ku Nsaru kukaona amayi awo akudwala. Ku hotela akutaniko? Ali ndi yani?"

Tisiyenji anatembenuka n'kumuyang'ana Duncan. Ntchito ija yabodza, amalume aja abodza, ngakhale chipinda chomwe akanagonamo chinali cha thukuta la mkazi mnzake! Anamva chisoni chosaneneka, ndipo manyazi anamuwawa kuposa chisonicho.

"Duwa langa, ndikufotokozera," Duncan ananong'ona, thukuta lili kamukamu. "Banja lija linatha kale mumtima mwanga."

Wolandira alendo anaphimba foni ndi dzanja n'kuyang'ana Tisiyenji mwachifundo.

"Achemwali, akudikira yankho. Ndiwauze chiyani?"

Tisiyenji anatola kachikwama kake. Misozi inali itafika kale pachibwano, koma mawu anatuluka osanjenjemera.

"Auzeni kuti ali okha, mayi. Simunama."