Usiku Womwe Kebba Anaphimba Nyale

Madzulo a tsiku limenelo Kebba Sonko anali kupukuta magalasi a nyale, monga ankachitira tsiku lililonse. Sitima yawo inali ija yosapita kulikonse, imene akuluakulu a ku Barra amaikumbukirabe. Inalibe injini. Anangoikoka n'kuisiya pa nangula kumathiriro a mtsinje wa Gambia, pafupi ndi mchenga wobisika umene unadya mabwato ambiri. Ntchito yake inali kuyatsa nyale pamwamba pa mlongoti, ndi kuliza belu kukachita chifunga. Antchito ake ankakhalamo mwezi wathunthu asanaponde kumtunda.

Mwezi ndi wautali kwa munthu aliyense. Kwa mwamuna amene wangokwatira mkazi wokongola, mwezi ndi nthenda.

Mkazi wa Kebba anali Jankey, wogulitsa nsomba zowamba ku Barra. Kunja kukayera, Kebba ankabwereka galasi loonera patali n'kumayang'ana mudzi wake mpaka maso kutuluka misozi. Ankangoona migwalangwa. Koma munthu wansanje migwalangwa imamukwanira.

Dzuwa likupendeka, panafika bwato la msodzi wina dzina lake Malang, kudzasinthitsa nsomba ndi fodya. Malang fodya ankamukonda, koma miseche ndiyo ankaikonda koposa.

"Achimwene Kebba, nyale yanu ija anthu akuiyamikira," anatero akutambasula dzanja. "Makamaka Ousainou Faal."

"Ousainou wake uti?"

"Woimba uja, wamano oyera. Kwawo ndi tsidya linalo la mtsinje, ku Bathurst, koma masiku ano akamachokera kunyanja amafika pa nyale yanuyi n'kukhotera ku Barra. Akuti nsomba zake ali ndi womugula kumeneko. Mumamuunikira bwino njira, akulu. Mulungu akudalitseni."

Anzake m'sitimamo anaseka. Mkulu wa gululo, amene ankamutcha Pa Sainey, anamuponyera Malang mutu wa nsomba.

"Choka, mbalame yoipa iwe! Kebba, usamumvere. Uyu anayambanitsapo munthu ndi mbuzi yake."

Kebba naye anaseka. Koma nsanza yopukutira ija anaifinya mpaka inadontha parafini.

Pofika nthawi ya pemphero lomaliza la swala, mphepo ya fumbi yochokera kuchipululu inali itatseka nyanja yonse. Ukatambasula mkono, zala zinkaoneka ngati za munthu wina. Ulonda woyamba unali wa Kebba. Anzake anatsikira pansi kukagona. Iye anatsala yekha ndi chingwe cha belu.

Ngee. Kuwerenga mpaka makumi atatu. Ngee.

Pamwamba pa mutu wake nyale inkayaka bwinobwino. Anali ataisamalira yekha. Mafuta anathira yekha, magalasi anapukuta yekha. Ndiye kuti mwezi wonsewu iye wakhala akugwira nyale, mwamuna mnzake n'kumadutsa ulendo wa kunyumba kwake?

Ngee.

Kenako anamva nyimbo. Inali patali, mbali ya kumchenga. Mawu a mwamuna, osalala, a munthu wosadziwa kuti kuli mavuto. Kebba sanadabwe n'komwe kuti nyimboyo ikuchokera mbali ya ku Barra, osati kunyanja. Nsanje siifunsa zambiri.

Anasiya chingwe. Anatola chinsalu chokhuthala chophimbira katundu, n'kukwera mlongoti. Anakulunga nyale yonse.

Mdima unagwa ngati chivundikiro.

"Ndingomuopseza," anadziuza. "Asochere pang'ono, agone panyanja."

Nyimbo inaleka. Panamveka mluzu, wa msodzi wofunsa njira. Unalira kawiri. Kebba anakumbatira mlongoti osapuma. Pansi m'sitimamo wina anatsokomola, chifukwa anthu ozolowera kugona ndi belu amadzutsidwa ndi bata.

"Belu bwanji?" anali mawu a Pa Sainey.

"Ndikumwa madzi, madala."

Kumchenga kuja mafunde ankaswa monga mwa masiku onse. Pakati pa phokosolo panalira chinthu, kamodzi kokha, mawu ang'ono. Kebba anati ndi mbalame.

Nthawi yonseyi sinapose yowiritsa tiyi. Anavundukula nyale, anatsika, n'kugwiranso chingwe. Ngee. Ngee. Belu silinena za mwini wake.

Pakati pa usiku anamva kugogoda.

Go. Go. Go.

Sikunali kwa tcheni cha nangula. Tcheni amachidziwa, chimalira ngati chikukukuta mano. Uku kunali kugogoda kwa munthu waulemu, wofika pakhomo pa eni ake. Kunkachokera m'mbali mwa sitima, pansi, pomwe pali madzi.

Go. Go. Go.

Anatenga nyali yam'manja n'kusuzumira.

Panali bwato. Linali lodzaza madzi mpaka m'milomo, koma silinkamira. Kutsogolo kwake kunakhala Jankey. Duku analibe. Tsitsi linali lodzaza mchenga. Pamiyendo anafungatira bakuli lija la maluwa ofiira, limene Kebba anamugulira pa ukwati. Kumbuyo kunakhala mwamuna, nkhope atalozetsa kumdima, nkhafi alibe.

"Amunanga," anatero Jankey. Mawu ake anali a masiku onse. "Ndakubweretserani mpunga wa nsomba. Munati chakudya cha muno chakutopetsani."



"Tinkaiona nyale yanu," anapitiriza. "Ndinawauza a Ousainou kuti onani, imeneyo amayatsa ndi amuna anga. Kenako sitinaionenso."

Madzi ankatsika m'manja mwake osaleka, ngati pali kasupe m'mapewa.

Apa munthu wina akanalira. Wina akanatchula dzina la Mulungu, wina akanadzutsa anzake. Kebba Sonko anayang'ana bwato lija, anayeza mpata umene unali pakati pa mkazi wake ndi mwamuna uja, n'kufunsa kuti:

"Ukutani m'bwato la ameneyu usiku uno?"

"Lina linalipo? Onse anakana, ati kunja kwaipa."

"Nanga amaimbira ndani?"

Jankey anangokweza bakuli. Kebba anatsitsa chingwe, n'kulikoka. Linali lofunda. Kenako anaponya makwerero a chingwe.

"Kwera. Iwe wekha. Ameneyo atsale."

Jankey anagwira makwerero aja. Anayesa kudzuka, koma china chinamukoka m'chiuno. Kebba anatsitsa nyali. Ukonde unali utawakulunga onse awiri, kuchokera m'chiuno mwa mkaziyo mpaka pachifuwa cha mwamunayo, mfundo pamwamba pa mfundo.

"Sindingathe," anatero. "Ponyamuka ine ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, monga mwa ulemu. Ndinu amene mwatimanga pamodzi."

Mwamuna uja anayamba kutembenuza mutu, pang'onopang'ono. Kebba anatseka maso. Atatsegula, bwato linali likuchoka. Madzi ankaphwa kulowera kunyanja, koma ilo linkapita mobwerera, kulunjika kumchenga, popanda wopalasa. Lisanalowe m'fumbi, nyimbo ija inayambiranso.

M'bandakucha Pa Sainey anamupeza atakhala tsonga pansi pa belu, bakuli lili pamiyendo.

"Ichi wachitenga kuti? Kunabwera bwato?"

Mkuluyo anavundukula. Munali madzi amchere, mchenga, ndi kankhanu kamoyo. Koma chitsulo cha bakulilo chinali chikadali chofunda. Pa Sainey anayang'ana Kebba, anayang'ana chinsalu chimene chinali pansi pa mlongoti, n'kukachibweza pamalo pake.

Masana Malang anabwera, ulendo uno wopanda nthabwala. Zidutswa za bwato la Ousainou zinali zitapezeka pamchenga. Anthu ake sanapezeke.

Ku Barra nkhani inagawikana. Amayi a kumsika ankati Jankey anaphika tsiku lonse, akuuza aliyense kuti akukadabwitsa mwamuna wake. Ena, motsitsa mawu, ankati anatenganso nsalu zake zabwino, ndipo munthu wokapereka mpunga satenga nsalu. Aliyense anasankha nkhani yomukomera.

Kebba sanapondenso kumtunda. Anzake ankasinthana mwezi ndi mwezi, iye n'kumatsala, ndipo nyale yake sinazimenso ngakhale kamphindi. Amene anagwira naye ntchito amati usiku uliwonse wa fumbi kunkamveka kugogoda katatu m'mbali mwa sitima. Iwo ankafunda kumutu. Kebba yekha ndiye ankatenga nyali n'kukasuzumira.

Mlendo akamva zimenezi amati kapena ankapita kukapepesa. Koma Pa Sainey, amene tsiku lina analimba mtima n'kumvetsera, ankapukusa mutu. Akuti anangomva mawu a Kebba, otsika, onjenjemera, akulankhula ndi madzi:

"Sendera uko, iwe. Wamuyandikira kwambiri mkazi wanga."