Laston Sanathawe

Zelipa ananyamuka kunyumba kwa alamu ake, a Evaristo, komboni yonse ya ku Ndola itagona kale. Sanatsanzike. Mphasa anali atamuyalira, koma munthu sagona m'nyumba imene angomunyozeramo mwamuna wake.

Nkhani inali yomwe ija. Mwamuna wake, Laston, anapita kuntchito ku mgodi wa Kansofu m'mawa wina mu 1931, ndipo sanabwerenso. Makalaliki a kampani anati anathawa ntchito, monga ankachitira ena. Posakhalitsa mkuwa unagwa mtengo, mgodi n'kutsekedwa, azungu n'kupakira katundu wawo. Kuyambira pamenepo Zelipa sanali wapabanja, sanalinso wamasiye. Maliro sakanalira poti mtembo panalibe, ndipo ana ake ankakula akutchedwa ana a mtchona, munthu wotaya banja. Anthu onse anavomereza kuti Laston anathawa, kupatula iye yekha.

Usiku umenewo a Evaristo, omwenso anagwirako ku Kansofu, anamuitana kuti amuuze zimene abale anagwirizana.

"Mulamu, bwelelani chabe kwanu ku Fort Jameson," anatero, maso ali pansi. "Uja munthu ali ku migodi ya ku Wankie na mukazi wina. Onse aziba."

"Onse ndani? Munamuona imwe?" anafunsa Zelipa. "Laston anasiya jekete pa msomali, fodya ali m'thumba. Munthu angathawe osatenga fodya wake?"

Mawu a Evaristo aja ndiwo anamutulutsa usikuwo.

Zelipa ankakhala kutsidya, kumadimba a m'mbali mwa mtsinje wa Kafubu, komwe ankalima ndiwo zogulitsa. Msewu waukulu unali wozungulira, komanso unali ndi apolisi ofunsa chitupa cha usiku. Njira yachidule inkadutsa m'kati mwa mgodi wakufawo, momwe ngakhale amuna odzitama pa mowa sankapondamo dzuwa lili paliwombo. Koma Zelipa anali atapsa mtima, ndipo munthu wopsa mtima safunsa njira.

Anadumpha waya wa mpanda amene anagwa kalekale. Mwezi unali wochepa, wongokwanira kumuonetsa zinthu zimene akanakonda kusaziona. Nyumba za komboni yakale zinali ndandanda, zopanda madenga, makomo ali yasa. Ngolo zonyamulira miyala zinagona chammbali panjanji zadzimbiri, udzu utamera m'kati mwake. Chumuni chija, chimene chinkafuka usana ndi usiku mpaka zovala zoyanika kuda, chinangoima njo, chozizira. Iye anawadziwa malo amenewa ali amoyo. Pageti paja ankagulitsa munkoyo, thobwa la kumeneko, akuchita kufuula kuti amveke m'phokoso la makina. Tsopano kunali zii. Kumulu wa dothi lofukula mumgodi sikunamere ngakhale chisoso, ndipo fungo la dzimbiri linkamveka mpaka kukhosi.

Anazindikira kuti achule a kumtsinje asiya kulira. Ankangomva mapazi ake okha.

Ngee...

Anaima.

Ngee... ngee...

Belu! Belu la chikepe chotsitsira anthu pansi! Khutu lake silikanalakwitsa, analimva zaka zambiri. Kutsogolo kwake kunaima nsanja yachitsulo ya pamwamba pa dzenje, gudumu lake lalikulu lili bii kumwamba. Pansi pake pankayaka kamoto. Nyali ya kabaidi, ija ya anthu a mumgodi.

Tsitsi linamuima. Wina akanaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, ndipo palibe akanamunena. Koma njira inkadutsa pomwepo, ndipo kumbuyo kunali a Evaristo ndi mawu awo aja. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kupita patsogolo.

Pakamwa pa dzenje panakhala mdala. Chisoti kumutu. Jekete yotuwa ndi fumbi. Dzanja limodzi pachingwe cha belu. Sanacheuke.

"Shifiti ikalibe kutha, mayo," anatero. Mawu ake anali ouma ngati chitseko chosadzozedwa mafuta. "Akazi saloledwa pano."

Mawu amenewo, akuti saloledwa, Zelipa anali atawamva pamaofesi ambiri, ndipo anamuyabwa kuposa mantha.

"Ananipitikitsa makalaliki, ananipitikitsa apolisi, lelo anipitikitsa abululu, abale a mwamuna wanga," anayankha. "Imwe tate simuzanipitikitsa. Azungu anu anayenda kalekale. Mulonda chani pano?"

"Niyembekeza anthu anga. Ndine niwaseluzya pansi, ndine niwakweza. Anangena... akalibe kuchoka."

Mphepo yozizira inatuluka m'dzenjemo. Lawi la nyali silinagwedezeke n'komwe.

Funso lake Zelipa analinyamula zaka zonsezi, ndipo anali atalifunsa kwa anthu ovala bwino kuposa mdalayu.

"Laston mumuziba? Wa ku Fort Jameson, mutali, wa mpata kumano?"

"Uja woimba mu chikepe?" Mdalayo anatembenuka pang'onopang'ono. Pansi pa chisoti panali mdima wokhawokha. "Ali pansi. Manzi anangena mu mugodi. Bwana anati vala geti, tseka anthu ali pansi, ukambe ati anathawa. Ine n'nakana. Wathawa bwanji munthu wamene n'namuseluzya neka?"

Anakoka chingwe.

Ngee... ngee...

Kunali zii. Kenako, kuchokera pansi, pansi penipeni...

Kho... kho... kho...

Chitsulo pa chitsulo! Wina ankayankha!

Zelipa anamva mkodzo ukufuna kutsika. Koma misozi inatsogola, ndipo pamodzi ndi misoziyo panabwera ukali umene iye mwini sanaudziwe. Anakwawa mpaka m'mphepete mwa dzenje, nagwira chitsulo chozizira, n'kusuzumira mumdimamo.

"Laston!" anafuula. "Ndine Zelipa! Ana akula! Anakunamizila, koma ine sin'navomele! Wamvela? Sin'navomele!"

Mawu ake anatsika, natsika, osabwerera.

Kho.

Kamodzi kokha. Basi.

Atadzutsa mutu, nyali inali itazima. Mdala panalibe. Anapapasa pomwe anakhala paja, napeza udzu wautali wosapondedwa, wonyowa ndi mame. Anayang'ana m'mwamba. Chingwe panalibe. Belu panalibenso, panangotsala mbedza yadzimbiri.

Sanathamange, ngakhale miyendo inkamupempha. Kumadimba sanapitenso. Anatembenuka n'kulondola njira yomwe anadzera, msana ukumuyabwa ngati wina akumuyang'ana, ndipo sanacheuke mpaka atadumphanso waya uja.

Tambala woyamba anamupeza akugogoda pakhomo pa a Evaristo. Iwo anatsegula atafunda bulangete, tulo tili m'maso.

"Mulamu, munasebenza ku Kansofu imwe," anatero Zelipa osapereka moni. "Mudala wa belu pa chikepe ni ndani? Nakamba naye usiku uno. Akuti Laston ali pansi."

Bulangete linagwa. A Evaristo anagwira mphuthu ya chitseko.

"Mudala Fanwell?" ananong'ona. "Awe, mulamu... Uja tinamuika ise m'manda, chaka chamene anavala mugodi. Anakana kuchoka padzenje paja. Tinamupeza wauma chikhalile, nthambo ya belu ili kumanja."

Zelipa sanadabwe monga iwo ankayembekezera.

"Kani munali kuziba chamene anali kuyembekeza."

"Nchito zinali zosowa, mulamu. Wokamba anali kumulemba dzina, sangenanso mugodi uliwonse. Tinali na ana..."

"Na ine n'nali na ana. Ana a mukulu wanu." Mawu ake sanakwere. "Amoyo munayopa, wakufa ndiye wakamba."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo tambalale, poonekera komboni yonse. Anavula duku n'kuliika pambali.

"Bweletsani lumo munigele," anatero. "Ndine wofedwa ine."

Ndipo asanadikire lumolo, anayamba kulira maliro a mwamuna wake, mokweza, akutchula dzina lake ndi malo amene anagona, mpaka zitseko zinayamba kutseguka chimodzichimodzi.