Wogogoda m'kabati ya giza

Ku Spinney Hill mwezi wa Disembala mdima sudikira kuti anthu adye kaye. Ana akamaweruka kusukulu kunja kumakhala kutayamba kale kuda. Madzulo amenewo Atuweni anasambitsa khanda lake, Hazel, n'kuligoneka m'chipinda cham'mwamba. Mwamuna wake Henderson anali atakwera kale basi kupita ku shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba.

Pansi kukhitchini a Bennet, malume ake a Atuweni, ankatsuka mbale akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Bangwe, ndipo poti mapepala awo anali asanatuluke, ntchito sankaloledwa kugwira. Ndiye analanda khitchini. Kuphika iwo, kutsuka iwo, kufulula tiyi iwo. Atuweni akati atsike ankamubweza pamasitepe pomwepo, ati wobereka kumene sakwera ndi kutsika ngati mbuzi.

Kenako chinayambanso.

Go. Go. Go.

Kugogodako kunkachokera m'kabati ya pakati pa bafa ndi chipinda cha mwana, momwe munali giza, thanki ija ya madzi otentha. Kukatha kugogoda kumabwera phokoso ngati la munthu amene akuchukucha mkamwa. Likatero limatsika pansi pa matabwa, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kukalowa mu radiyeta, chitsulo chofunditsa chipinda, ya pafupi ndi bedi la mwana. Mmenemo limangoti te, te, te, ngati chikhadabo. Ukatsegula mpopi wa kubafa, mpopiwo umatsokomola, kulavula kamodzi, n'kukhala chete.

Atuweni anakula akudziwa kuti wogogoda kukada koma osanena odi sayankhidwa. Komanso anali ndi chake chimene ankadziwa yekha. Mchombo wa Hazel utagwa, amayi ake anamuuza pafoni kuti aukwirire msanga. Aukwirire pati? Kuseri kwa nyumba kunali simenti yokhayokha. Ndiye anaukulunga pakansalu n'kuubisa m'kabati yomweyo, kuseri kwa mataulo. Wogogodayo sankamudziwa dzina, koma chimene ankafuna ankachidziwa.

Henderson ankangoseka. Iye akamafika m'mawa madzi amakhala akutuluka bwinobwino, kabati ili zii. Ankati nyumba zakalekale za kuno zimayankhula zokha, ndipo munthu wosagona amamva zambiri.

Atuweni anali atapeza njira yake. Akazimitsa hita, kugogodako kumachepa. Ndiye ankazimitsa, n'kumukutira mwanayo mabulangete mpaka kuoneka ngati mtolo wa kaunjika. Koma mawa lake kunkabwera namwino woyendera makanda. Ulendo wathawo mayiyo anagwira radiyeta, n'kukweza nsidze. Ndipo amayi a kutchalitchi anali ndi nkhani ya mtsikana wina wa ku Nottingham amene a sosho, a boma oona za ana, anamulanda mwana chifukwa nyumba inkazizira. Dzina lake palibe ankalidziwa, koma aliyense ankamudziwa.

Atuweni anagwira kamphuno ka Hazel. Kanali kozizira ngati supuni. Akapuma ankauona mpweya wake. Anapemphera pang'ono, n'kuyatsa hita.

GO. GO. GO.

Ulendo uno chitseko cha kabati chinachita kunjenjemera. Kuchukucha kuja kunayamba, kunatsika pansi pa matabwa, kunadutsa pansi pa mapazi ake enieniwo. Atuweni anabereka mwana kumsana, anamanga chitenje kawiri, n'kutsika masitepe chammbali kuti akaitane malume.

Nyimbo ija inali itasiya. Kukhitchini kunali mdima.

Anaunikira ndi foni. Patebulo panali ndowa yodzaza madzi ndi mapoto odzazanso madzi. Anatsitsa kuwalako. Pansi pa sinki, m'kabati ya sopo, munkatuluka miyendo iwiri. Inali yofunda bulangete, zidendene kumwamba. Sinkagwedezeka. Mkatimo munkamveka kachitsulo kakulira, kwii, kwii.

Sanakuwe. Anabwerera chafutambuyo, anatsegula chitseko chakumaso, n'kutuluka ndi patapata pachisanupo. Anakagogoda khomo loyandikana nalo, kwa mayi Hajra, aja anamubweretsera samusa atachira. Pogogodapo ananena odi mokweza, ngakhale kuti eni nyumbawo sankadziwa kuti odi n'chiyani. Sankafuna kufanana ndi wa m'kabati uja.

M'Chingerezi chothamanga anawauza kuti kukhitchini kwake kuli munthu wakufa, ndipo m'mwamba muli wina wamoyo. A Gaffar, amuna awo a mayi Hajra, anagwira ntchito ya mapaipi ndi mahita mpaka mawondo anawakana. Anamvetsera, n'kufunsa ngati wamoyoyo amagogoda kwambiri hita ikayaka. Atavomera, ananyamula kachikwama ka zitsulo. Mayi Hajra, posakhulupirira zitsulo, ananyamula mpini wa tsache.

A Gaffar atayatsa getsi, miyendo ija inapalapata. Kunatuluka matako, kenako msana, kenako mutu wa a Bennet uli ndi ukonde wa kangaude.

"Malume, mukutani mmenemo?"

"Ndikutseka madzi, mwana wanga. Lero kampopi aka kalimba, kakana kutembenuka mpaka kumapeto."

"Kutseka madzi?"

"Nanga atseke ndani? Mwamuna wako amachoka osatseka. Inu ana mumagona madzi ali otsegula ngati mtsinje ndi wa bambo anu."

Anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa ana a Sande sukulu. Ku Bangwe munthu wanzeru amatseka pa mita kukangoda. Ukapanda kutero anthu amakutungira usiku, kapena madzi amathawa n'kubwera ndi mphepo yozunguza mita pachabe. Iwo atangofika anafufuza nyumba yonse mpaka anakapeza kampopi kameneka. Chiyambire ankatunga okwanira, kutseka madzulo, n'kutsegula mbandakucha onse asanadzuke. Getsi anazimitsa dala, poti munthu safuna kuwala kuti atembenuze chinthu chimene akuchidziwa. Sankafuna kuthokozedwa. Munthu wodya za eni, anatero, ayenera kuthandizako penapake.

Atuweni atamasulira, a Gaffar anakhala pampando n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Kenako ananena kuti kudenga kwa nyumbayi kuli mathanki amene amamwetsa giza ndi maradiyeta. Malume akatseka pansi, Atuweni n'kusambitsa mwana m'mwamba, thanki imaphwa, mapaipi n'kumeza mpweya m'malo mwa madzi. Mpweyawo ukatenthedwa umasowa kolowera. Ndiwo umagogoda.

A Bennet sanagonje msanga. Anati mphepo ya m'mapaipi akuidziwa, ndi yomwe iwo akhala akuiletsa kulowa.

A Gaffar anatsegula kampopi kaja. Kudenga kunamveka madzi akuthamanga ngati mvula. Onse anakwera m'mwamba, a Gaffar patsogolo, mpini wa tsache pambuyo. M'chipinda cha mwana a Gaffar anagwira dzanja la Atuweni n'kuliika pa radiyeta. Kumunsi kunali kofunda, kumtunda kozizira. Anati pozizirapo ndi pamene mlendo wanu wakhala. Anazimitsa hita, anatulutsa kakiyi kakang'ono ngati ka wotchi, anakalowetsa pakona ya radiyeta, n'kupotoza pang'ono.

Psiiiii.

Kunali kupuma kwautali, konunkha chitsulo chonyowa, ngati kwa munthu amene wakhala akudzigwira kwa zaka. A Bennet anavula chipewa.

"Muyende bwino," anatero chapansipansi.

Kenako kunatuluka timadzi takuda, a Gaffar n'kutseka. Anachita chimodzimodzi m'zipinda zonse, n'kusiya mipopi ya kubafa itsokomole mpaka itayamba kutulutsa madzi osadukiza. Potsegula kabati ya giza, kansalu kaja kanagwa pakati pa mataulo. Atuweni anafuna kulowa pansi. Mayi Hajra anakatola, anakayang'ana, anayang'ana mwana kumsana. Sanafunse. Anangoti kuseri kwawo kuli kadothi pamene anabzala duwa, abwere nako mawa kukacha.

Namwino uja atafika mawa lake, anavula jekete asanakhale n'komwe pansi. Anamuyeza Hazel, anati akukula bwino, anagwira radiyeta n'kuchotsa dzanja msanga. A Bennet analumbira dzanja lili pamtima kuti kampopi ka pansi pa sinki sadzakagwiranso. Masana ankapita kukacheza ndi mnzawo wina wa ku Ndirande wokhala kumapeto kwa msewu, ndipo ankabwera akupukusa mutu, ati iwo ndi mnzawoyo aona kuti dziko lino anthu ndi olemera koma osasamala madzi.

Sabata isanathe, madzulo ena, Atuweni akuyamwitsa, anamvanso.

Go. Go. Go.

Sikunali m'kabati. Kunkachokera kuseri kwa khoma, kwa a Gaffar. Mawa lake kunamveka nyumba yotsatira, kenako inanso. Kugolosale ya pakona anthu ankanong'onezana kuti mipopi ya mzere wonsewo yayamba kutsokomola kukada. Amayi a kutchalitchi anali nalo kale yankho: chinthu chija anachitulutsa ndi kiyi osachiuza kopita, ndiye chikuyenda khomo ndi khomo kufuna pogona.

Atuweni anasuntha katani pang'ono. Pansi pa getsi la mumsewu, pamene pali kachivundikiro kachitsulo ka madzi a mzere wonse, panagwada munthu wofunda bulangete, dzanja lili m'dzenje mpaka m'chigongono.

"Malume?" anaitana chapansipansi, akuyang'ana kumasitepe.

Kukhitchini nyimbo ya kwaya inasiya.

"Ndili pano, mwana wanga. Ufuna tiyi?"

Atuweni anayang'ananso panja. Wogwadayo anali atatukula mutu, akuyang'ana zenera lake.

Atuweni anabweza katani. Anagwira radiyeta kumunsi, anagwira kumtunda. Konse kunali kotentha. Kamphuno ka Hazel nakonso kanali kofunda. Kuseri kwa khoma kunagogodanso, koma popeza sanamve odi, anangokweza bulangete la mwana n'kuwauza malume kuti tiyiyo athire shuga wambiri.