Mapiritsi a Zipora Atatha

Zipora anagwanso Lachiwiri m'mawa, ana onse ali pamzere kuimba nyimbo ya fuko. Anzake anabalalika ngati anapiye aona kabawi, poti ankakhulupirira kuti thovu la wakhunyu likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Atatsitsimuka, mlomo uli magazi, aphunzitsi aakulu anamuuza kuti asabwerenso mpaka atachira chifukwa makolo ena akudandaula. Mayeso a Sitandade 8 anali atatsala miyezi iwiri.

M'mawa mwake mayi ake, a Enifa, anasiya kusankha fodya m'chigafa n'kumutenga ulendo wa kukachipatala ka m'mbali mwa njira yochoka ku Mitundu kupita ku Nathenje. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Atalowa, anapeza a Davide, mthandizi wa dokotala amene aliyense ankangowatcha adokotala, akulemba mutu uli pansi.

"Aka n'kachitatu tikubwera," anatero a Enifa asanakhale n'komwe. "Mankhwala anuwa amagwira mwezi umodzi, kenako mwana amayambiranso. Tipatseni amphamvu."

A Davide anayang'ana khadi la Zipora. "Munabwera mu Januwale. Uno ndi Meyi. Munali kuti miyezi yonseyi?"

"Kumunda. Tikanabwera kudzatani mwana ali bwino?"

"Mapiritsi amamwa?"

"Anamwa onse. Ndinkaimirira pomwepo mpaka ameze."

"Atatha?"

"Atatha ndiye kuti atha! Inu munati, 'Limodzi pogona mpaka athe.' Kodi a malungo tikamaliza timabweranso kudzatenga ena?"

A Davide anamenya tebulo ndi cholembera. "Khunyu si malungo, mayi! Awa ndi omwa tsiku lililonse kwa zaka. Asanathe mumabwera kudzatenga ena. Aliyense amadziwa zimenezi."

"Aliyense wake uti?" A Enifa anamangitsa chitenje m'chiuno. "Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma makutu ndili nawo. Mukanandiuza ndikanamva. Ndaponda njinga mpaka ku Malingunde kukafuna mizu, ndimvekere mankhwala a kuchipatala alephera. Lero mwana achotsedwa sukulu, ndiye muziti wolakwa ndine?"

Zipora anangoti zyoli, kulakalaka pansi patang'ambika. Mawu a mayi ake ankamveka mpaka pakhonde.

A Davide anadzuka mwaukali n'kutsegula chitseko. "Chabwino, tifunse anzanuwa. Inu amene mumalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, akatha mumatani?"

A Salumu, telala wa pamsika, anakonza kofia yawo. "Anga sakutha, adokotala. Mutu ukasiya kuwawa ndimasunga otsalawo. Ena ndinagawirako alamu anga."

"Ine ndimadikira kaye chifuwa chibanike," anayankha mayi wina. "Kubwera uli bwinobwino, si mungatithamangitse kuti tikutha mankhwala a boma?"

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. A Davide anaima pakhomopo nthawi ndithu, akuyang'ana nkhope zimene ankaziona chaka ndi chaka. Kenako anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kukoka mpando kukhala moyang'anana ndi Zipora.

Anafotokoza kuti mapiritsiwo sachotsa khunyu, amangoligoneka, ndipo ukawasiya limadzuka. Anati akatsala asanu azibwera, kaya akudwala kaya ali bwino, kaya ndi nthawi ya fodya. Anamuuza Zipora kuti abwereze, iye anabwereza osaphonya. Kenako anafunsa zimene zinachitika kusukulu, ndipo atamva anatenga pepala n'kulembera aphunzitsi aakulu kuti khunyu sapatsirana, ndipo mwanayu ali pamankhwala, abwerere m'kalasi. Anadinda chidindo.

"Zonsezi sizinathe ndi mphindi zisanu," anadandaula a Enifa akulandira kalatayo. "Koma mwana wanga wagwa chaka chathunthu."

A Davide anawaperekeza mpaka pakhonde, ndipo anayamba kuuza odikira aja kuti asendeze mabenchi pafupi, ali nawo mawu.

Atafika pamphambano, a Enifa anakhotera kumanzere.

"Amayi, njira ya kwathu ndi iyi."

"Kwanu ukafika madzulo. Tiye kusukulu asanaweruke. Ndikufuna aphunzitsi aakuluwo aiwerenge mokweza, ana onse akumva, ine ndili pomwepo."