Nkhope ya Ababa Yaima

Zakia ankakhala kwa Mpondasi, ku Mangochi. Ankakhala ndi Amayi ndi mlongo wake Iddi. Ababa anali kutali. Ankagwira ntchito m'shopu ku Joni.

Ababa anachoka Iddi ali khanda. Tsopano Iddi anali atayamba kuyenda. Zakia ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna Ababa aone Iddi akuyenda.

Ababa ankaimba Lachisanu lokha, akatuluka mumzikiti. Ankaimba pa laputopu imene anatumiza pa basi. Anatumizanso kabokosi ka netiweki. Kanali kakang'ono ngati sopo. Iddi ankakonda kukaluma. Lachisanu litafika, Amayi anakayatsa n'kukabisa.

Kunja kunatentha. Zakia anasambitsa Iddi. Anamudzoza mafuta. Anamuveka kofiya yoyera kumutu.

Laputopu inalira. Ababa anaoneka.

"Asalamu alaikumu, Zakia wanga."

"Wa alaikumu salamu, Ababa. Taonani Iddi."

Nkhope ya Ababa inaima. Pakamwa panali yasa. Diso limodzi linali lotsinzina. Kanthu kanayamba kuzungulira pamphuno pawo. Kanazungulira. Kanazungulirabe.

Iddi anayenda. Anachoka pamkeka mpaka pakhomo. Ababa sanaone.

Zakia anayang'ana timizere ta netiweki. Kanatsala kamodzi. Anazimitsa laputopu. Anaiyatsanso. Kamzere kanali kamodzi komweko.

Anapita nayo pawindo. Sizinathandize. Anapita nayo pansi pa mtengo wa mango. Anaisenza pamutu ngati ndowa. Kamzere kaja kanasowa.

Amalume a Shafi anadutsa pa njinga yawo ya kabaza. Anati vuto ndi fumbi. Anauzira mabatani onse. Sizinathandize. Kenako anati zinthu za ku Joni sizinazolowere dzuwa la ku Mangochi. Anapalasa njinga n'kumapita.

Zakia anabwerera m'nyumba. Mawu a Ababa ankamveka modukaduka. Ankati abwana akuwaitana. Ankati shopu itsegulidwa posachedwa.

Iddi anatopa. Anakhala pansi. Anavula kofiya n'kuitaya. Zakia nayenso anakhala pansi. Sanalire. Anangoyang'ana nkhope yoimayo. Lachisanu lina linali kutali kwambiri.

"Basi, mwanangu," anatero Amayi. "Tidzayesanso, inshaallah."

Amayi analowa kuchipinda. Ankafuna mpango wovala popemphera swala. Anatsegula bokosi lawo lalikulu lachitsulo. Chivindikiro chinalira kuti kwii.

Nkhope ya Ababa inagwedezeka. Diso lija linatseguka.

Amayi anatseka bokosi. Nkhope inaimanso.

Zakia anayang'ana laputopu. Anayang'ana kuchipinda.

"Amayi, tatsegulaninso bokosilo."

Amayi anatsegula. Ababa anaphethira.

"Tatsekani."

Amayi anatseka. Ababa anaima.

"Amayi, kabokosi kaja munakabisa kuti?"

Amayi anagwira pakamwa. Kanali momwemo, pansi pa zitenje za ukwati. Zinthu zonse zamtengo wapatali ankasunga m'menemo. Koma netiweki inkalephera kudutsa chitsulo.

Zakia anakatulutsa. Anakaika pamwamba pa kabati, pamene Iddi safikira. Timizere tonse tinadzaza.

"Make Zakia, mukundiona?" anafunsa Ababa.

Amayi anati akuwaona bwinobwino. Anati ndevuzo zafika pofuna lumo.

Koma Iddi anakana kuimirira. Zakia anamunyengerera. Anakana. Amayi anamuonetsa nthochi. Anakanabe. Abwana anaitananso Ababa.

Ababa anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bwera, Iddi. Bwera kwa Baba."

Iddi anatchera khutu. Anadzuka. Anaponya phazi limodzi. Anaponya lina. Anadzandira, koma sanagwe. Anafika pa laputopu. Anagwira ndevu za Ababa ndi zala zamalovu.

Ababa anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya. Anachedwa kuwavala.

"Ayendenso," anatero.

Zakia ananyamula Iddi n'kumubwezera pamkeka.